Alendo Osatsazika: Za Zomera Zobwera m'Chigwa cha Domasi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde, akafika pa Malosa namwaza maso uku ndi uko, amaona mitengo imene adaizolowera chiyambire ubwana wake. Pamidzi pali mango, m'malire a minda muli bulugamu, pa mabwalo a sukulu pali malaina, kuseri kwa nyumba kuli indya ndi keshya, ndipo akacheukira ku phiri la Zomba amaona paini atafola mizeremizere. M'minda namo muli chimanga, chinangwa, mbatata ndi mtedza. Munthuyo atafunsidwa kuti mwa zonsezi chobadwira m'dziko muno n'chiti, angayankhe mosazengereza kuti n'zonse. Komatu zoona zake n'zakuti palibe ngakhale chimodzi. Mango ndi malaina kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo, bulugamu adachokera ku Australia, paini wa pa phiripo ndi wa ku Mexico, ndipo chimanga chimene Mmalawi amachiyesa moyo wake chidawoloka nyanja kuchokera ku America.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu umakhoza ukamanena za anthu, koma ukafika pa zomera umaphonya. Mbewu ikalowa m'dziko lachilendo n'kupeza nthaka yoiyanja, siitsazikanso. Imabereka ana ndi zidzukulu mpaka eni dziko aiwale kuti idali mlendo. Alendo ambiri oterewa adabweretsa chakudya, matabwa ndi mankhwala, pamene ena owerengeka adalanda malo n'kuyamba kupitikitsa eni mudzi. Chofunika kwa anthu a m'chigwa cha Domasi ndicho kudziwa kusiyanitsa magulu awiriwa nthawi isanathe, ndipo kusiyanitsako sikungatheke popanda kulemba ndi kusunga mbiri ya zomerazo. Umboni wa mfundo imeneyi ukupezeka kutali ndithu, m'mabuku akale a ku India.

Zimene mabuku a Sanskrit amaulula

Sanskrit ndi chiyankhulo chakale cha ku India chimene anthu ophunzira a kumeneko adasungiramo mapemphero, malamulo, nthano ndi nzeru za mankhwala, monga momwe Azungu akale ankachitira ndi Chilatini. Nyimbo za m'buku la Rigveda zidapekedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo, ndipo zidasungidwa pamtima mibadwo yambiri zisanalembedwe. Pambuyo pake padadza mabuku a zaung'anga, makamaka Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, amene amatchula zomera mazanamazana pamodzi ndi ntchito zake. M'zaka za m'ma 500 katswiri wina dzina lake Varahamihira adalemba buku la Brihat Samhita, m'mene muli mutu wonena za kubzala, kumezanitsa ndi kuchiza mitengo.

Mphunzitsi wa pa Malosa atatsegula mabuku amenewa angadabwe kupezamo anansi ake. Mango amatchedwa amra. Nimu, mtengo umene masamba ake owawa amagwira ntchito ya mankhwala m'midzi yambiri, dzina lake ndi nimba, ndipo dzina la Chichewali lidachokera pomwepo. Chamwamba ndi shigru, chitowe ndi tila, nzimbe ndi ikshu. Malaina amene ana a sukulu amasesa masamba ake m'mawa uliwonse ndiye gambhari, umodzi mwa mitengo imene mizu yake inkalowa m'mankhwala otchuka a mizu khumi. Ngakhale liwu loti shuga lidayambira pa liwu la Sanskrit loti sharkara, limene lidadzera kwa Aperezi, Aluya ndi Azungu lisanafike m'sitolo ya pa Malosa. Nawo mtengo wotchuka wa pa Chilema, umene alendo amapatuka pa msewu kudzauona chifukwa cha mizu yake yotsika kuchokera ku nthambi, uli ndi mbale wake m'mabukuwa, mkuyu wa ku India wotchedwa nyagrodha, dzina lotanthauza kumera cholozera pansi.

Tsono wina asaganize kuti Africa idangolandira osapereka. Akatswiri ofukula zakale adapeza kuti mapira, mchewere, mawere ndi khobwe, mbewu zimene zidayamba kulimidwa ku Africa kuno, zidafika ku India zaka zikwi zingapo zapitazo. Nkhani ya bwemba ndiyo yochititsa chidwi koposa. Akatswiri ambiri a zomera amati kwawo kwenikweni kwa mtengo umenewu ndi ku Africa, koma udakhalitsa ku India kotero kuti udalandira maina a Sanskrit monga amlika. Aluya adautcha tamr hindi, kutanthauza chipatso cha kanjedza cha ku India, ndipo m'chaka cha 1753 Linnaeus adaupatsa dzina la sayansi loti Tamarindus indica. Mwana wa ku Africa adalembedwa m'kaundula wa dziko lonse ngati Mmwenye, chifukwa amene adamulemba poyamba ndi amene adamulandira, osati amene adamubereka.

Mabukuwa amaphunzitsanso ndi zimene sadatchule. M'mabuku akale kwambiri mulibe tsabola wofiira, matimati, mbatatesi, fodya, nanazi, papaya kapena gwafa, ngakhale lero zakudya za ku India sizikoma popanda tsabola. Zonsezi ndi za ku America, ndipo zidafika ndi zombo za Apwitikizi Vasco da Gama atafika ku India m'chaka cha 1498 ndipo anzake atalanda Goa m'chaka cha 1510. Buku la Bhavaprakasha, lolembedwa ndi Bhavamishra m'zaka za m'ma 1500, limatchula muzu wa mankhwala wochokera ku China ndiponso nthenda ya chindoko imene limaitcha nthenda ya Azungu. Motero, poyerekeza buku lakale ndi lapambuyo pake, munthu angathe kuloza nyengo imene mlendo wakutiwakuti adalowera m'dziko.

Koma pali msampha umene wophunzira ayenera kuuzindikira. Dzina lakale limatha kulumphira pa chomera chatsopano. Liwu loti marica linkatanthauza tsabola wakuda wa ku India komweko, koma lero mdzukulu wake, mirch, ndilonso dzina la tsabola wofiira wa ku America. Liwu loti aluka linkanena za zomera zina za mizu yodyedwa, koma lero alu ndi mbatatesi. Wowerenga mothamanga angalumbire kuti mbatatesi inkadyedwa ku India kalekale, pamene ndi dzina lokha limene lili lakale. M'chaka cha 1989 Carl Johannessen ndi Anne Parker adalemba kuti zosema za pa akachisi ena a ku Karnataka, omangidwa Columbus asanabadwe, zikuonetsa zisononkho za chimanga, koma akatswiri ambiri sadakhutire nawo umboniwo. Kufanana kwa maonekedwe kapena kwa dzina si umboni wokwanira.

Msampha womwewo ulipo m'Chichewa. Mkungudza weniweni ndi wa pa phiri la Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, koma anthu ambiri lero amatcha mkungudza mtengo uliwonse wobwera wa masamba onga singano. Umodzi mwa mitengo yobwerayo, Cupressus lusitanica, ndi wa ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, dzina lake la sayansi limaloza ku Portugal, ndipo Angerezi amautcha mkungudza wa ku Goa. Dzina loti mpoza nalo, limene lidali la chipatso cha m'tchire, lidagawidwa ndi mpoza wobzala wochokera ku America. Dzina likalandidwa chotere, chomera chenicheni chingathe kutheratu anthu osazindikira, pakuti liwulo likadamvekabe pakamwa.

Njira zimene alendo adadzera

Alendo oyamba adafika ndi amalonda. Ayao ankayenda maulendo ataliatali kupita ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Madera amenewo ankalamulidwa kuchokera ku Goa kufikira chaka cha 1752, kotero kuti zombo zomwe zidapereka tsabola ndi nanazi ku India ndizo zinkaimanso m'madoko a Mozambique. N'chifukwa chake mau oti mbatata ndi nanazi ali pachibale ndi batata ndi ananas, maina amene amamveka ku Lisbon ndi ku Goa komwe. David Livingstone potsika ndi Zambezi m'chaka cha 1856 adapeza mitengo ya mango itakhazikika kale m'madera amenewo.

Gulu lachiwiri lidadza ndi amishoni ndi Boma la atsamunda. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan adabweretsa ku Blantyre mbande ya khofi yochokera ku Edinburgh. Mishoni ya Domasi idatsegulidwa m'chaka cha 1884, ndipo kuyambira m'chaka cha 1891 Alexander Whyte adakonza munda woyeserera zomera ku Zomba, m'mene ankabzalamo mbewu zochokera ku maiko osiyanasiyana. Nkhalango ya pa phiri la Zomba idakhala yotetezedwa ndi lamulo m'chaka cha 1913, ndipo m'kupita kwa zaka udzu wa pamwamba pa phirilo udalowedwa m'malo ndi paini wa matabwa. Dziko litalandira ufulu ntchitoyo idapitirira. Tsiku lobzala mitengo litakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, ana a sukulu adabzala bulugamu ndi malaina miyandamiyanda, chifukwa ndiyo inkakula msanga ndipo mbande zake sizinkavuta kupeza.

Pamene mlendo asanduka mbala

N'chifukwa chiyani chomera chofatsa kwawo chimalusa kwa eni? Yankho lalikulu n'lakuti chimasiya adani ake m'mbuyo. Kwawo kuli tizirombo todya masamba ake ndi matenda oumitsa mizu yake, koma paulendo chimadza chokha. Chikakhalanso chobereka njere zambiri zimene mbalame, madzi kapena mphepo zimamwaza, n'kupeza nthaka yovulazidwa kale ndi nkhwangwa ndi moto, palibenso choletsa. Charles Elton adafotokoza za vuto limeneli m'buku lake la m'chaka cha 1958, ndipo m'chaka cha 2023 bungwe la akatswiri a maiko onse la IPBES lidalengeza kuti mwa mitundu yoposa 37,000 ya zamoyo zimene zidakhazikika kunja kwa kwawo, yoposa 3,500 ndi yowononga. Chiwerengero chimenechi chikuonetsa zinthu ziwiri: alendo ambiri ndi aulemu, koma owononga owerengekawo ndi okwanira kusaukitsa dziko.

Zitsanzo sizili patali. Zipatso zachikasu zonga mabulosi zimene achinyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba zimachokera ku chitsamba chaminga cha ku mapiri a Himalaya, Rubus ellipticus. Mbalame zimamwaza njere zake, ndipo chimapanga ziyangoyango zimene mbande za mitengo yachilengedwe zimalephera kubowola. Lantana, amene adabwera ngati duwa la mpanda, wadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'makwawa, ndipo masamba ake ndi ululu kwa ng'ombe. Zomera ziwirizi zili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga koposa umene bungwe la IUCN lidasindikiza. Ku Mulanje paini adathawa m'minda imene adabzalidwamo n'kulowerera m'malo a mkungudza, ndipo kumuzula kudadya ndalama ndi zaka. Kum'mwera kwa nyanja ya Chilwa, ku Swang'oma, mtengo waminga wotchedwa Prosopis udafalikira m'malo odyetsera ziweto.

Woposa onse ndi namasupuni, duwa lokongola la ku South America limene lidaoneka kumunsi kwa mtsinje wa Shire cha m'ma 1968 n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kumtunda. Madzi akakhala ndi chonde, namasupuni amatha kuwirikiza kuchuluka kwake m'masabata awiri okha. Amatchinga dzuwa, amabanikitsa nsomba, amatseka njira za mabwato, ndipo pamodzi ndi zinyalala zina za m'madzi wakhala akusokoneza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Wophunzira wa pa Malosa amene adawerengapo ndi koloboyi usiku wa mayeso magetsi atazima, nkhani ya duwa limeneli imamukhudza ngakhale sadalionepo. M'zaka za m'ma 1990 Boma lidachita kuitanitsa tiankafumbwe ta mtundu wa Neochetina, adani ake a kwawo, kuti tidzamufooketse. India nayo, ngakhale ili ndi mabuku onse aja, sidapulumuke. Lantana adalowa kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndipo wadzaza nkhalango zambiri, namasupuni amatchedwa choopsa cha ku Bengal, ndipo udzu wotchedwa Parthenium udaoneka ku Pune m'zaka za m'ma 1950 n'kufalikira dziko lonse.

Mau a otsutsa

Pali anthu anzeru amene amati nkhani yonseyi ndi ya okhuta. Iwo amafunsa kuti mayi wosowa nkhuni adikire bwanji mbawa kapena mlombwa zaka makumi angapo, pamene bulugamu amapereka milimo m'zaka zochepa n'kuphukiranso akadulidwa. Amakumbutsanso kuti mnyamata wogulitsa zipatso pa phiri amagula nazo makope, ndi kuti chisoso ndi mwamunaaligone, zimene zidachokera ku America ngati udzu wachabechabe, lero ndi ndiwo zopulumutsa mabanja m'miyezi ya njala. Mau amenewa ndi oona ndipo sayenera kunyozedwa. Kuwonjezera apo, amene wavula phiri la Malosa si lantana ayi, koma nkhwangwa, uvuni wa makala ndi moto wolusa. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza kuti mitengo yake yaikulu idatsala isanu ndi iwiri yokha, udatha makamaka ndi macheka a anthu, ngakhale nsabwe zachilendo zimene zidaoneka m'dziko muno m'chaka cha 1986 zidaufooketsanso.

Komabe kuvomereza zimenezi sikuthetsa mlandu. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna phindu la mtengo wobwera ayenera kuwerengeranso mtengo wake wobisika. Bulugamu amakula msanga chifukwa amamwa madzi ambiri. Akabzalidwa pa chitunda chouma ndi chuma, koma akabzalidwa pa kasupe ndi wakuba. Dziko la South Africa lidaona zimenezi, ndipo m'chaka cha 1995 lidayambitsa ntchito ya Working for Water yolemba anthu osauka kuti azidula mitengo yobwera m'mbali mwa mitsinje. Mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri amenewa, umamwetsa midzi ndi masukulu, umathirira mpunga kumunsi, kenaka n'kuthira m'nyanja ya Chilwa imene idaphwapo kangapo, monga m'zaka za 1968 ndi 1995. Madzi amene atayika kumtunda amasowa m'munda wa mlimi wa mpunga ndi m'khoka la msodzi wa matemba. Osauka omwewo amene otsutsa akuwateteza ndiwo amayamba kulira madzi akachepa. Tsono funso loyenera si lakuti chomera chidachokera kuti, koma lakuti chikuchita chiyani pamalo pamene chili.

Ntchito ya mphunzitsi ndi wotsiriza sukulu

Choyamba ndi kulemba. India ikutha kulondola mbiri ya zomera zake chifukwa asing'anga ndi aphunzitsi ake adalemba maina, maonekedwe ndi ntchito zake. Kuno nzeru zotere zidakali m'mitu ya agogo, ndipo maliro aliwonse amapita nazo zina. Sukulu iliyonse ya m'chigwachi ingathe kukhala ndi kaundula wa zomera, kope wamba lolembedwamo dzina la chomera m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, malo amene chimamera, ntchito yake, ndi chaka chimene okalamba akukumbukira kuti adayamba kuchiona. Pambali pa dzina payenera kukhala tsamba ndi duwa louma, kuti dzina likadzalumphira pa chomera china umboni udzakhalepo. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987, lili ku Zomba konkuno, pamodzi ndi likulu la kafukufuku wa za nkhalango la FRIM, ndipo ndiko kungapezeke maina a sayansi. Koleji ya aphunzitsi ya Domasi ndi Malawi Institute of Education, zimene zili m'chigwa chomwechi, zikadachita bwino kuphunzitsa luso limeneli kwa aphunzitsi a mawa.

Chachiwiri ndi kuika mtengo uliwonse pamalo pake. Bulugamu ndi paini akhale m'minda yawo kutali ndi akasupe, ndipo m'mbali mwa mitsinje mubwerere katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Pa mapiri pamene zitsa za mombo ndi msuku zidakali zamoyo, kuteteza mphukira ku moto ndi ku mbuzi kumabweza nkhalango mosawononga ndalama za mbande. Wotsiriza sukulu amene sadapeze ntchito m'tauni angathe kutsegula nazale ya mitengo yachilengedwe, pakuti njere zake zili m'tchire ndipo sizigulidwa.

Chachitatu ndi kufunsa. Safunsa adadya phula. Munthu wabwino akabwera ndi mbande zachilendo, kaya ndi wa bungwe kaya ndi mbale wochokera ku Joni, mfumu ndi komiti ya sukulu ali ndi ufulu womufunsa kuti mtengowo udachita zotani kumene udabzalidwa kale, ndiponso kuti ukadzathawa m'munda adzaubweza ndani. Ndipo chomera chosadziwika chikaoneka chikufalikira pa dambo kapena pa dziwe, mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango auzidwe chaka chomwecho. Kuwongola mtengo n'poyamba. Tchire limene ana a kalasi imodzi angalizule tsiku limodzi chaka chino, pakapita zaka khumi lidzalephereka ndi Boma lomwe.

Chigwa cha Domasi sichingabwerere ku nthawi imene kudalibe chimanga ndi mango, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune zimenezo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka alendo ambiri kadathandiza dziko lino. Koma mwini mudzi wochenjera amadziwa maina a onse ogona m'mudzi mwake, amadziwa tsiku limene adafika, ndipo amayang'anira kumene kalumoko kakucheka. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zakunja. Ifuna kope, pensulo, mphunzitsi wakhama ndi gogo wofunsidwa mwaulemu asanatsikire kuli chete.